Mtsuko wa agogo

Mtsuko wa pakhomo wasweka. Madzi akumwa akusowa posungira.

Agogo amakhala ku Domwe, m'boma la Angonia. Iwo amadziwa kuumba. Mmamawa atenga khasu ndi dengu. Apita ku mtapo ndi mdzukulu wawo. Akumba dongo.

Pakhomo agogo asinja dongo. Athira madzi pang'ono. Akanda, akanda, mpaka dongo lafewa.

"Iwe, cotsa timiyala tonse," atero agogo.

"Nako kakang'ono komwe, agogo?"

"Komwe. Kamwala kamodzi kamaswa mtsuko pamoto."

Mdzukulu afufuza ndi zala. Apeza timiyala titatu.

Agogo ayamba kuumba. Ayamba ndi pansi. Akweza mimba. Amaliza ndi khosi ndi mlomo. Asalaza kunja ndi cisononkho. Kenaka atenga kamtengo ndi kulemba timizere pakhosi. Timizereto sitisunga madzi ayi. Koma mtsuko wakongola!

"Agogo, tioche lero?"

"Dikira, mdzukulu wanga. Dongo likadali lonyowa."

Mtsuko ukhala pamthunzi masiku ambiri. Ukauma msanga padzuwa, umang'aluka.

Tsiku looca lafika. Agogo aunjika nkhuni ndi makungwa. Moto wayaka. Mdzukulu waima patali, mtima uli phaphapha. Kodi anasiya kamwala?

Moto wazima. Mtsuko wazizira. Agogo augogoda ndi cala. Ngwee! Walira bwino. Ulibe mng'alu.

Mdzukulu athamangira ku citsime. Madzi a mumtsuko watsopano akuzizira.

Tidziwe izi

Dongo lili mitundumitundu. Lina ndi lofiira, lina lakuda, lina loyera. Ndi dongo loyera anthu amaumba makapu ndi mbale zonyezimira. Nchito imeneyi inayamba ku China, zaka zoposa 1000 zapitazo. Mbale zotere siziochedwa pabwalo. Zimafuna uvuni wotentha koposa.

Pafupi ndi Angonia, kutsidya kwa malire, kuli Dedza, m'dziko la Malawi. Kumeneko kuli malo oumbira makapu ndi mbale zonyezimira. Anayamba m'caka ca 1987.

Mafunso

1. Agogo anakumba kuti dongo?
2. Cifukwa ciani anacotsa timiyala?
3. Mtsuko wabwino umalira bwanji?

Nchito

Funsani makolo maina a ziwiya zadongo za pakhomo panu: mphika, nkhali, mbiya. Mawa mubwere ndi dongo. Tidzaumba kambale.