Phunziro 6: Kuika Vite pa Kompyuta Yanu

Mawu oyamba

M'phunziro 5 munapanga tsamba lokhala ndi funso limodzi, mayankho anayi ndi batani loonetsa ngati wophunzira wakhoza. Tsopano tiyerekeze kuti mukufuna mafunso 40 otere. Mukamangokopera code yomweyo ka 40, tsiku lomwe mudzafune kusintha mtundu wa batani mudzasintha malo 40, ndipo penapake mudzaiwala ndithu. N'chifukwa chake opanga masamba a pa intaneti amalemba kabokosi ka funsoko kamodzi kokha, m'fayilo yakeyake, n'kumangokaitana paliponse pamene kakufunika. Kachigawo kotere amakatcha component. Pakutha pa phunziro lino muyenera kukhala mutaika chida chosonkhanitsira ma component, komanso mutadziwa mafayilo opita kwa ophunzira ndi otsala kwa inu.

Kodi build tool n'chiyani?

Ma component akachuluka, mafayilo nawonso amachuluka. Ena mwa iwo, monga a React ndi Vue, amalembedwa m'njira imene browser singathe kuwerenga payokha. Build tool ndi pulogalamu imene imatenga mafayilo onsewo, kuwamasulira, n'kuwamanga pamodzi kuti akhale ochepa ndi opepuka. Kwa zaka zambiri anthu ankadalira webpack, imene Tobias Koppers anayamba mu 2012. Ndi yamphamvu, koma kuikonza kuti iyambe kugwira ntchito kumadya nthawi. Ife tigwiritsa ntchito Vite, imene Evan You, yemwenso anapanga Vue, anatulutsa mu 2020. Dzinali ndi la Chifalansa ndipo limatanthauza “msanga”.

Mabuku ena akale adzakuuzani kuti muyambe ndi Create React App. Musaononge nayo bandulo yanu. Mu February 2025 eni ake a React analengeza kuti anthu asiye kuyambira ntchito zatsopano pa chidachi.

Kuika Vite

Vite imadalira Node.js, choncho yambani mwaika Node.js, mtundu wolembedwa kuti LTS. Pulogalamu ya npm, imene imakutengerani zida zina pa intaneti, imabwera nayo limodzi. Tsegulani terminal n'kutayipa node -v. Ikaonetsa nambala, basi zatheka. Kenako tayipani:

npm create vite@latest mafunso

Ikakufunsani framework, sankhani Vanilla, kenako JavaScript. Za React tiziona m'tsogolo. Ikadzipereka kuti imalize yokha zotsalazo, kanani, kuti muone nokha sitepe iliyonse. Tayipani mizere iyi umodziumodzi:

cd mafunso
npm install
npm run dev

Tsegulani browser pa http://localhost:5173. Sinthani mawu aliwonse m'fayilo ya main.js, imene ili m'foda ya src, n'kusunga. Tsambalo lisintha lokha nthawi yomweyo.

Intaneti imafunika poika Node.js, pa npm create ndi pa npm install basi. Zitatha izi mukhoza kugwira ntchito milungu ingapo popanda netiweki. Choncho ngati kusukulu kwanu netiweki ndi yovuta, chitani masitepe atatuwa tsiku limodzi muli pamalo pomwe imagwira bwino.

Zotsala kwa inu ndi zopita kwa ophunzira

Pano m'pamene ambiri amasokonezeka, ndiye tiyeni tidekhe. Mukayang'ana m'foda ya mafunso mupeza foda yatsopano yotchedwa node_modules. Mmenemo ndi mmene npm yaunjika zida zonse. Musasinthemo kanthu, ndipo musaitumize kwa mnzanu pa fulashi poganiza kuti mukumuthandiza. Zida zina za mmenemo zimapangidwira mtundu umodzi wa kompyuta, moti zotengedwa pa Windows zimakana pa Linux. Mnzanuyo mpatseni china chilichonse kupatula node_modules, ndipo musaiwale package.json, imene ndi mndandanda wa zida zofunika, ndi package-lock.json, imene imasunga nambala yeniyeni ya chida chilichonse. Iye akatayipa npm install apeza zofanana ndi zanu.

Nanga ophunzira? Iwo safunika Node.js ngakhale Vite. Mukamaliza kulemba mafunso, tayipani npm run build. Vite ipanga foda yaing'ono yotchedwa dist, ndipo imeneyo ndiyo ntchito yomalizidwa. Koma samalani: mukangodina kawiri index.html ya mu dist, muona tsamba loyera lopanda kanthu. Sikuti mwalakwitsa ayi. Browser imakana kutsegula JavaScript yamtunduwu kuchokera pa disiki mwachindunji. Imafuna kuilandira kudzera pa server. Mphunzitsi amene sanayeseretu izi amakazizindikira ali kutsogolo kwa kalasi yonse, nthawi ya phunziro n'kuthera pomwepo.

Ngati makompyuta a m'chipinda chanu ali pa netiweki imodzi, tayipani pa kompyuta yanu:

npm run preview -- --host

Vite ionetsa adiresi yothera ndi 4173 pa mzere wolembedwa kuti Network. Ilembeni pa bolodi, ophunzira aitayipe mu browser. Kwa kalasi imodzi njirayi n'njokwanira, bola kompyuta yanu isazime. Tsamba loti lizipezeka masiku onse limafunika kuika dist pa server yeniyeni.

Ntchito 6.1

Pangani fayilo yatsopano mu src yotchedwa funso.js, musamutsiremo code ya funso lanu la m'phunziro 5, ndipo muiitane katatu mu main.js ndi mafunso osiyana. Chitani npm run build, kenako yerekezani kukula kwa dist ndi kwa node_modules. Lembani nambala ziwirizo, mufotokoze m'ziganizo zosapitirira zisanu chifukwa chake zikusiyana, n'kutumiza kwa mlangizi wanu pamodzi ndi ntchito ya mwezi uno.