Mafunso a Omvera: Mankhwala Atatu m'Chubu Chimodzi

Bambo wina wa ku Mchinji akufunsa ngati angaleke LA, mankhwala a malungo, pa tsiku lachiwiri popeza thupi lapepuka. Iyayi bambo, tsirizani masiku atatu onse, m'mawa ndi madzulo, mutadya.

Koma kalata imene yandigwira mtima ndi ya mayi wa ku Balaka, amene anagulira mwana wao mafuta a zipere pa msika. Zinazilala sabata yoyamba, ndipo tsopano zabweranso zazikulu koposa kale. Amayi, ndinene kangati pa wailesi pano? Mafuta otere kawirikawiri amakhala ndi mankhwala atatu m'chubu chimodzi: opha zipere, opha mabakiteriya amene mwanayo alibe, ndi ena amphamvu monga betamethasone, amene atontholetsa kuyabwa koma nafooketsa chitetezo cha khungu, kotero kuti matendawo ayanga mwakachetechete, khungu nilipyapyala. Lekani kumdzoza, mupite naye kuchipatala.

Sindikunena kuti kuphatikiza mankhwala n'koipa konse, pakuti LA yemweyo, mankhwala a TB ndi ma ARV anaphatikizidwa mwanzeru, atayesedwa, kuti wodwala asalemedwe ndi mapiritsi ochuluka. Chimene ndidana nacho ndi kuphatikiza kwa malonda chabe, kumene boma la India, dziko lotigulitsa mankhwala ambiri, linakuona, ndipo mu 2016 linaletsa mitundu 344. Munthu akamwa piritsi lotere natuluka zidzolo, kapena m'mimba nimuotcha, dokotala adzadziwa bwanji kuti wolakwa ndi uti mwa mankhwala a m'piritsimo, ndipo adzachepetsa bwanji mmodzi osachepetsa onse?

Ndinaonapo bambo wina amene, chimfine chitamgwira, ankamwa Panado pamodzi ndi mapiritsi a chimfine, osadziwa kuti monsemo muli paracetamol, kufikira maso anachita chikasu chifukwa chiwindi chinapweteka. Wamkulu asapitirire magalamu 4 pa tsiku, kuwerengera zonse zimene wamwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chotero, abale anga, gulani mankhwala m'mafamase ovomerezedwa ndi bungwe la PMRA, ndipo funsani wogulitsayo akuuzeni zimene zili m'katimo. Mukaona zidzolo, zilonda m'kamwa, kutupa kwa nkhope kapena kubanika, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, mutatenga kapaketi ka mankhwalawo m'manja.