Kontrakiti ya Mapaipi Imayambira pa Mapepala

Mabungwe asanu ogawa madzi m'Malawi, a Lilongwe, Blantyre, Kumpoto, Pakati ndi Kummwera, amalengeza m'nyuzipepala akafuna okumba ngalande za mapaipi, omanga matanki kapena ogulitsa mamita.

Kontrakitala wofuna ntchitoyi ayambe walembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu m'boma, akhalenso ndi chiphaso cha MRA chotsimikiza kuti za msonkho zili bwino. Ambiri amagwera pamenepa, mtengo wawo usanaonedwe n'komwe. Ena amaiwala kalata ya chikole yochokera kubanki, ija amati bid security, kapena amabweretsa yoti itha mphamvu masiku ofunikawo asanakwane.

Nthawi nayo sachita nayo masewera: envelopu ya mapepala ofunsira ntchito yofika mochedwa imabwezedwa yosatsegula. Tsiku lotsegula, kontrakitala apiteko, akadzimvere yekha mitengo ya anzake ikuwerengedwa poyera.