Tiyi, Foni ndi Likasa: Nzeru Zake ndi za Ndani?

Anzanga, makamaka a Fomu 4, sabata ino tikambirane zinthu zimene timati zimatinolera ubongo. Ndiyambira pa tiyi, poti ndi amene watizungulira kuno ku Thyolo, ndipo enafe fizi imachokera m'dengu la masamba amene makolo athu amathyola.

Mu tiyi muli caffeine. Munthu akakhala maso nthawi yaitali, mu ubongo mumachuluka chinthu chotchedwa adenosine, chimene chimamuuza kuti watopa. Caffeine amakatseka malo amene adenosine amafikira, ndiye tulo timabalalika kaye. Kutopako sikunachoke ayi, kwangobisala. Pakatha maola pafupifupi 5, theka la caffeine limakhala lidakali m'thupi. Komanso ubongo umakhazikitsa bwino zimene taphunzira nthawi imene tili mtulo. Ndiye inu oviika mapazi m'beseni la madzi ozizira mpaka 3 koloko, kapu ya tiyi wopanda mkaka pambali, tiyiyo sakuikani ngakhale fomula imodzi m'mutu. Akungokukongozani maola amene mudzabweze mawa m'kalasi mukusinza.

Foni ndi nkhani ina. Mu April 2024, Malawi linali m'gulu la mayiko amene analandira Meta AI pa WhatsApp. Ukaifunsa za photosynthesis kapena samu ya simultaneous equations, yankho limabwera usanameze malovu. Funso langa ndi ili: yankho lija likafika, wanzeru ndi iwe kapena foni?

Mantha amenewa ndi akalekale. Zaka zoposa 2,300 zapitazo, Plato analemba buku lotchedwa Phaedrus, mmene Socrates akusimba za mfumu ya ku Egypt imene inakayikira luso la kulemba. Inkaona kuti anthu adzasiya kusunga zinthu m'mutu, ndipo adzaoneka odziwa zambiri pomwe sakudziwa. Mfumuyi sinaphonye kwenikweni. Agogo amatchula mtundu wonse mpaka kumene unachokera, pomwe ife nambala ya foni ya amayi tikuchita kuyang'ana. Komabe nkhani ya mfumuyi tikuidziwa lero chifukwa Plato anailemba. Kope silinatipusitse, linatithandiza.

Ine muyeso wanga ndi wakuti, chotsani chipangizocho, tione chatsala. Kakyuleta imachulukitsa manambala msanga, koma siikuuza fomula yoti ugwiritse ntchito, kusankhako ndi kwako. Meta AI ukaiuza kuti ikufotokozere pamene sunamve, kenako n'kutseka foni, n'kuyesa samu ina yofanana wekha, chinachake chatsala m'mutu. Koma ukangokopera yankho m'kope la homuweki, limenelo ndi likasa basi, kungoti lili ndi batire. Dziwaninso kuti makina amenewa nthawi zina amanama, ndipo amanama mosaphethira. Wogwira bodzalo ndi yekhayo amene anawerenga.

Ena amati, "Nanga ndikulakwira ndani?" Funsani amene anali Fomu 4 mu 2020. Mapepala a MSCE atabedwa n'kuyamba kuzungulira pa mafoni, boma linathetsa mayesowo mu November, ali mkati molemba, ndipo onse anakalembanso mu January 2021. Onse ndithu, ngakhale mwana wa pa CDSS amene foni ya WhatsApp sanaigwirepo. Satifiketi imagwira ntchito chifukwa anthu amakhulupirira kuti zimene yalemba zili m'mutu mwa mwini wake. Nesi amene anakhoza ndi likasa adzabaya jakisoni munthu weniweni, mwina mlongo wanu.

Palinso nkhani ya chilungamo, imene kwa ine ndi yovuta kuposa ya kubera. Tonse timalemba pepala limodzi la MANEB. Koma wina ali ndi foni yake, bandulo ndi magetsi, wina akuwerengera tochi imene azibale atatu akulimbirana. Woyambayo sanabe kanthu, ndipo sindikuti ataye foni yake. Ndikungoti ngati foni ilipo imodzi pa gulu lowerengera limodzi, ikhale pakati pa tebulo, mafunso akhale a onse.

Kunja zafika patali. Mu January 2024, kampani ya Neuralink ya Elon Musk inaika kachipangizo mu ubongo wa munthu wopuwala manja ndi miyendo, ndipo iye anayamba kuyendetsa kompyuta ndi maganizo okha. Apa sindikuona cholakwika, n'chimodzimodzi magalasi a maso: kumubwezera munthu chimene anataya. Koma tsiku lina olemera akadzayamba kugulira ana awo abwinobwino zoterezi kuti azikumbukira kuposa anzawo, oyang'anira mayeso, amene lero amatipisa m'matumba ndi m'masokosi, adzapisa pati?