Chenjerani ndi Chuku cha mu Mtedza

Alimi a ku Nkhamenya, tamverani za mtedza.

M'chaka cha 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Akatswiri opima zakudya atafufuza, anapeza kuti chinazipha ndi poizoni wochokera ku chuku, namutcha aflatoxin. Poizoniyu saoneka ndi maso, ndipo ngakhale mukazinge mtedzawo kapena muphike nsinjiro zake, iye satha ai. Amaononga chiwindi. Ku Kenya anapha anthu 125 mu 2004 kudzera m'chimanga.

Kwathu kuno ntchito yopimayi amagwira a Malawi Bureau of Standards, bungwe la Boma limene linakhazikitsidwa mu 1972. Iwo amatapako pang'ono m'matumba, nagaya, napima ndi makina. Poizoni akapyola muyeso, mtedzawo saupatsa chiphaso.

Koma opimawo sangafike pa mtondo uliwonse, tsono wa pakhomo muziuyang'anira nokha. Musauwaze madzi kuti usendeke msanga kapena kuti ulemere pa sikelo. Kutero n'kuitana chuku. Uumitseni bwinobwino musanauike m'matumba, ndipo wonyala ndi woola uja musapatse ana, ngakhale nkhuku zomwe.