Kompyuta ya Dokotala Singakutetezeni pa Mankhwala Omwe Sikuwadziwa

Ndimagwira ntchito mu famasi ku England, ndipo tsiku lililonse ndimafunsa odwala funso limodzi: "Kodi pali mankhwala ena omwe mukumwa?" Ambiri amayankha kuti zonse zili mu kompyuta. Yankholi ndi loona mbali imodzi chabe, ndipo mbali yotsalayo ndi yomwe imavulaza anthu. Tiyeni tione zomwe akafukufuku adapeza.

Kale dokotala ankalemba mankhwala pamanja. Zilembo zikakhala zosawerengeka, kapena mlingo ukalakwika, wodwala ndiye ankavutika. Mu 1998, Dr David Bates ndi anzake adafalitsa kafukufuku wa pa chipatala cha Brigham and Women's mumzinda wa Boston ku America. Madokotala atayamba kulemba mankhwala pa kompyuta, zolakwika zazikulu zomwe zinkafika kwa odwala zidatsika ndi 55 peresenti. Kompyutayo inkachenjeza dokotala akalemba mankhwala omwe amamuwenga wodwala, kapena mankhwala awiri osayenera kumwera limodzi.

Komabe kompyuta payokha sikwanira. Machenjezo akachuluka, ogwira ntchito amatopa nawo. Mu 2006, akafukufuku a ku Netherlands adaunika kafukufuku wosiyanasiyana ndipo adapeza kuti madokotala amalumpha machenjezo apakati pa 49 ndi 96 pa 100 alionse. Ambiri mwa machenjezowo amakhaladi osafunikira, koma lofunika likhoza kudutsa limodzi ndi enawo.

Ndiye chimathandiza n'chiyani? Kafukufuku wotchedwa PINCER, wotsogoleredwa ndi Pulofesa Tony Avery wa ku Nottingham, adatuluka mu magazini ya The Lancet mu 2012. Adachitikira m'zipatala za ma GP 72. Kompyuta inkafufuza odwala omwe ali pachiopsezo, monga wodwala mphumu yemwe wapatsidwa mankhwala a mtima a gulu la beta-blocker, kapena yemwe adadwalapo zilonda za m'mimba koma akumwa mankhwala opha ululu a gulu la ibuprofen popanda oteteza m'mimba. Zipatala zina zidangolandira mndandanda wa odwalawo. Zina zidalandiranso katswiri wa mankhwala yemwe adakhala pansi ndi madokotala kukonza vuto lililonse. Patapita miyezi 6, zolakwikazi zidali zochepa kwambiri komwe kudali katswiriyo. Choncho kompyuta imapeza vuto, koma wolikonza ndi munthu.

Phunziro lachiwiri likukhudza ife omwe tili kunja. Kompyuta imayerekeza mankhwala okhawo omwe adalembedwamo. Ku England kuli Summary Care Record, yomwe imaonetsa mankhwala anu ndi omwe amakuwengani, koma zambiri zake zimachokera kwa GP wanu. Mapiritsi omwe amayi abwera nawo kuchokera ku Lilongwe m'kapepala kapulasitiki mulibemo. Zomwe mudalembedwa m'kabuku ka kuchipatala kwathu mulibemonso. Omwe mwagula nokha m'sitolo, mankhwala azitsamba, ngakhale ma ARV omwe mumalandira ku kiliniki yapadera, kawirikawiri saoneka pokhapokha mutanena.

Nazi zitsanzo za zomwe zingachitike. Anthu ambiri ku Malawi amamwa ma ARV okhala ndi dolutegravir. Mankhwalawa salowa bwino m'magazi akamwedwa nthawi imodzi ndi mankhwala ena oletsa kutentha pamtima, kapena mapiritsi a calcium ndi a iron. Amachititsanso kuti metformin, mankhwala a matenda a shuga, achuluke m'thupi, moti mlingo wake umafunika kuunikidwa. Rifampicin, yemwe amachiza chifuwa chachikulu, amafooketsa mapiritsi olerera ndi njira yolerera ya pamkono. Chitsamba chotchedwa St John's wort, chomwe chimagulitsidwa m'masitolo, chimafooketsa ma ARV, mapiritsi olerera ndi warfarin. Kompyuta ya famasi imadziwa zonsezi, koma singachenjeze aliyense ngati mankhwala amodzi mwa awiriwo sadalembedwemo.

Kodi mungachite chiyani? Lembani mndandanda wa mankhwala onse omwe mumamwa: dzina, mlingo, ndi nthawi yomwera. Dzina lofunika ndi la mankhwala enieni omwe ali m'piritsi, chifukwa mayina a pabokosi amasiyana dziko ndi dziko. Ngati makolo akubwera kudzakuchezerani, apempheni kuti abwere ndi kabuku kawo ndi mabokosi a mankhwala, ndipo mujambule zonsezi pafoni. Mukapita kwa dokotala kapena ku famasi, nyamulani thumba lonse, ndi mankhwala achikuda omwe, n'kupempha kuti alembedwe. Ngati mumagwiritsa ntchito NHS App, onani mankhwala omwe alembedwa pa dzina lanu, ndipo mukapeza cholakwika uzani GP. Yesetsaninso kutenga mankhwala ku famasi imodzi kuti mbiri yanu ikhale pamalo amodzi.

Ndikudziwa kuti ena amaopa kutchula ma ARV. Ogwira ntchito mu famasi amalamulidwa kusunga chinsinsi, ndipo ma famasi ambiri ali ndi kachipinda kolankhuliramo awiriwiri. Mukhoza kupempha kulowa m'menemo, kapena kulemba dzina la mankhwalawo papepala. Ndipo mukazindikira kuti mukumwa mankhwala awiri omwe ndatchula pamwambapa, musasiye kumwa nokha. Pitani ku famasi kapena imbani foni kwa dokotala wanu lero lomwe kuti akuuzeni kamwedwe koyenera.