Luso la AI pa chitetezo cha pa intaneti: mlonda ndi mbala agwira chida chimodzi

Mu Febuluwale 2024, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti adalowa m'makina osindikizira mapasipoti ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko muno, ndipo ankafuna dipo. Ntchito yopereka mapasipoti idaima kwa masabata angapo. Kwa ife a m'boma la Karonga, kumene ambiri amadalira chipata cha Songwe pochita malonda ndi anzathu a ku Kyela ndi Mbeya, nkhaniyi idatiphunzitsa kuti kompyuta ikabedwa ku Lilongwe, ululu wake umafika mpaka kumpoto kuno. Masiku ano nkhondo yotereyi yalowamo chida chatsopano chotchedwa AI.

AI ndi chiyani?

AI ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti Artificial Intelligence. Ili ndi luso lomwe makompyuta amaphunzira kuchokera ku zitsanzo zambirimbiri mpaka kutha kulemba kalata, kuzindikira nkhope kapena kutsanzira mawu a munthu. Lusoli lidafala kwambiri kampani ya OpenAI itatulutsa ChatGPT mu Novembala 2022. Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo komweko kamameta, kamathanso kucheka.

Ubwino wake

Mphamvu yaikulu ya AI pa chitetezo ndi yakuti siwodzera. Imaphunzira mmene munthu amagwiritsira ntchito akaunti yake, ndipo ikaona zachilendo imachenjeza. Mlimi wa mpunga wa Kilombero ku Hara amene amatumiza ndalama zochepa masana, akaunti yake ikayamba kutulutsa ndalama zambiri pakati pa usiku, makina otere angathe kuimitsa ndalamazo kufikira mwini wake atatsimikiza. Ndi luso lomwelinso limene Gmail imagwiritsa ntchito posefa makalata achinyengo.

Pa chuma cha boma phindu lake n'loonekeratu. Pa nkhani ya Cashgate ya mu 2013, ndalama zidatuluka kudzera m'ndondomeko ya pakompyuta ya IFMIS kupita ku makampani omwe sadagwire ntchito iliyonse. Makina ofufuza malipiro achilendo tsiku ndi tsiku angathandize owerengera chuma kuona zotere zisanakule.

Kuopsa kwake

Kale uthenga wachinyengo unkadziwika ndi kalembedwe kake kolakwika. Lero mbala ingathe kuuza AI kuti ilembe kalata yosalala, yooneka ngati yochokera ku banki, ku Airtel Money, ku TNM Mpamba ngakhale ku khonsolo. Choopsa kwambiri n'chakuti AI imatha kutsanzira mawu ndi nkhope ya munthu. Kumayambiriro kwa 2024, wogwira ntchito ku kampani ya Arup mumzinda wa Hong Kong adatumiza ndalama pafupifupi madola 25 miliyoni atachita msonkhano wa pakanema ndi anthu omwe ankaoneka ngati mabwana ake, pamene onsewo adali zithunzi zopangidwa ndi makina. Ngati zidatheka ku kampani yaikulu chotero, mlembi wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi kapena agogo olandira Mtukula Pakhomo ali pa chiopsezo chachikulu.

Vuto lina ndi la chilankhulo. Makina ambiri oteteza adaphunzitsidwa m'Chingerezi, choncho uthenga wachinyengo wa m'Chichewa, Chitumbuka kapena Kyangonde ungathe kudutsa osagwidwa. Komanso wogwira ntchito amene amaika mayina ndi manambala a ziphaso za nzika m'mapulogalamu a AI kuti amulembere lipoti, amakhala atatulutsa chinsinsi cha anthu kunja kwa ofesi.

Malamulo akutinji?

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo, ndipo lidakhazikitsa nthambi ya Malawi CERT pansi pa bungwe la MACRA. Lamulo la Data Protection la 2024 limalamula aliyense wosunga mbiri za anthu, kuphatikizapo makhonsolo, kuti aziziteteza.

Zoyenera kuchita

1. Musauze munthu aliyense nambala yanu yachinsinsi, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni kapena ku khonsolo.
2. Wina akapempha ndalama mwachangu, ngakhale mawu ake atafanana ndi a mbale wanu kapena bwana wanu, dulani foni ndipo mumuimbire pa nambala yomwe mumaidziwa kale.
3. Ogwira ntchito za chuma asasinthe akaunti ya kontalakita chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp kapena imelo yokha.
4. Mukaberedwa, dziwitsani kampani ya foni kapena banki nthawi yomweyo, kenaka kanenani kupolisi.

Makina angathe kuchenjeza, koma chala chomwe chimadina kuti ndalama zipite n'cha munthu. Mbala imadalira phuma lathu. Tikupempha mafumu, makhansala ndi makomiti a ADC ndi VDC kuti azikambirana mfundozi pa misonkhano yawo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.